Ganyu ya Loweruka inandiimitsa thiraki ku England

Ndisanabwere ku England ndinayendetsa thiraki zaka 9 panjira ya ku Beira. Tinkanyamuka ku Blantyre, kudutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kudoko, n'kubwerako ndi feteleza kapena tirigu. Panjira imeneyo amene ankandiuza kuti ndatopa anali maso anga. Zikope zikayamba kulemera ndinkaima pomwe anzanga aima, kuphika nsima pa kambaula pambali pa matayala, kugona maola atatu kapena anayi, kudzuka n'kuliza injini. Pa boda tinkatha kugona masiku awiri tisakufuna, ndiye mapepala akatuluka tinkathamanga kuti tibweze nthawi. Pa zaka zonsezo palibe anandifunsapo kuti Loweruka la masabata atatu apitawo ndinaweruka nthawi yanji.

Funso limeneli ndinadzafunsidwa Lachitatu pa 24 January 2024, m'mphepete mwa msewu, ndipo wofunsayo anali ndi yankho kale pakompyuta yake. Ndikulemba izi chifukwa abale angapo amandiimbira kufunsa za ntchito ya thiraki kuno. Onse amafunsa kuti pa ola amalipira zingati. Palibe amafunsa za khadi.

Ndinabwera mu 2020 kutsatira mayi akunyumba amene anapeza ntchito ya unamwino. Tinakhazikika ku Northampton, dera lodzaza ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, ndipo ndinayamba ndi kunyamula makatoni usiku. Laisensi ya ku Malawi siisinthidwa kuno, choncho munthu wa zaka 9 pa thiraki ndinakayambira pa mayeso a galimoto yaing'ono limodzi ndi ana a zaka 17. Mu 2021 dziko lino linasowa madalaivala moti mashelefu m'masitolo ankakhala opanda kanthu, ndipo mu November chaka chomwecho boma linalola kuti munthu alembe mayeso a thiraki ya ngolo, imene pano amati Class 1, osayamba wadzera pa Class 2, ya thiraki yopanda ngolo. Ndinakhoza mu 2022. Sukulu, dokotala ndi mayeso zinandidyera pafupifupi £3,000. M'chikwama munalowa makhadi atatu: laisensi, khadi la CPC losonyeza kuti unachita maphunziro a udalaivala wa ntchito, ndi khadi la dalaivala lochokera ku DVLA, bungwe la boma lopereka malaisensi, limene ndinalipira £32 ndipo limagwira ntchito zaka 5.

Khadi lachitatuli ndi limene limalowa m'makina olemba maola a dalaivala, otchedwa tachograph. Madalaivala amangofupikitsa kuti tako. Tsiku loyamba bwana wa pa depoti atandifunsa ngati tako langa lili bwino ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, ndipo mpaka lero ndikamva mzungu akudandaula za tako lake ndimayang'ana kumbali. Makinawo ndi kabokosi konga wailesi ya m'galimoto, kamakhala pamwamba pa galasi lakutsogolo. Kali ndi zizindikiro zinayi. Chiwongolero ndi kuyendetsa, ndipo chimadziyatsa chokha matayala akangogudubuka. Nyundo ziwiri zopingasana ndi ntchito ina iliyonse: kuyendera thiraki m'mawa, kumanga malamba, kutsegula makatani a ngolo, kuthira mafuta, kulemba mapepala. Kabokosi kodulidwa pakati ndi nthawi yodikira imene unadziwiratu kutalika kwake. Bedi ndi kupuma. Miniti iliyonse imalembedwa pawiri, pakhadi lako ndi m'makina a thirakiyo.

Malamulo ake ndinawaloweza ngati mwana wa Sitandade 8, kulowezera mayeso basi. Kuyendetsa maola 9 pa tsiku, 10 kawiri kokha pa sabata. Maola 56 pa sabata, koma masabata awiri otsatizana asapitirire 90. Ukayendetsa maola anayi ndi theka, upume mphindi 45. Usiku upume maola 11, amene ungawachepetse kufika 9 katatu kokha usanafike pa mpumulo wa sabata. Mpumulo wa sabata ndi maola 45. Ndinakhoza bwinobwino, koma mumtima ndinkati awa ndi malamulo a anthu amene sanaionepo njira ya ku Tete mu October. Maola 9? Ife amenewo tinkati tangoyamba kutenthetsa injini.

Kalata yanga yoyamba ya zolakwa inabwera m'chilimwe cha 2023, pa nkhani yaing'ono. Ukalowetsa khadi m'mawa, makina amafunsa kuti kuyambira pamene unalitulutsa dzulo unkachita chiyani, ndipo umayenera kulemba pamanja: mphindi 20 zokapereka makiyi ndi mapepala ku ofesi ndi nyundo, kuyambira poweruka mpaka m'mawa ndi bedi, mphindi 15 zodikira mapepala usanakwere ndi nyundo. Chimene sindinamvetse ndi chakuti makinawa amasunga nthawi ya UTC, ya dziko lonse lapansi imene siisunthidwa chaka chonse, pomwe wotchi za ku Britain zimasunthidwa ola limodzi kutsogolo kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October. Mathiraki ena amakuonetsa nthawi ya pawotchi yako, ena akale amafuna UTC. Ine ndinkangodina mothamanga, ndipo tsiku lina zinaoneka ngati ndinapuma maola 8 okha. Mtsikana wa mu ofesi anandipatsa pepala, nati, "Sainani apa kuti mwaona." Ndinasaina. Palibe chinachitika. Mwezi wotsatira linabwera lina, ndinasainanso ndili chiimire, kapu ya tiyi kudzanja linalo.

Apa ndiye pamene ndinadzinamiza koyamba. Pepala limenelo si la mwambo chabe. Kampani imayenera kukopera zonse za pakhadi lako osachepera kamodzi pa masiku 28, za m'thiraki pa masiku 90, n'kuzisunga chaka chathunthu. Siginecha yako ndi umboni wa kampani woti inakuchenjeza. Tsiku la mlandu mapepala amenewo amateteza iwo, osati iwe. Likabwera, khalani pansi, liwerengeni, funsani kuti tsiku limenelo munalakwitsa pati, ndipo ngati pali chifukwa chilembeni pomwepo.

Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Anthu amaganiza kuti ife akunja timasangalala zikatero chifukwa paundi imabala makwacha ambiri, koma mitengo inathamanga kuposa paundiyo. Tinali ndi nyumba ku Chileka itafika pa lintala, mvula ili pafupi, mmisiri akuimba tsiku ndi tsiku kuti simenti ndi malata zakwera. Bambo anga nawo anali kulowa ndi kutuluka m'chipatala. Foni ikalira usiku mtima unkayamba wagunda ndisanaione.

Mnzanga wina wa kumudzi, amenenso amayendetsa thiraki, ndiye anandiuza za ganyu. Nyengo ya Khirisimasi ejensi ina, mwa zija zopezera makampani madalaivala, inkafuna anthu a Loweruka, kutenga katundu ku depoti kukasiya m'masitolo, ndalama yake yokwererapo.

"Nanga mpumulo wa sabata, achimwene?" ndinafunsa.

"Aaa, inu, bola mupume maola 24. Lamulungu lonse muli pakhomo, vuto lili pati?"

Sananame kwenikweni, anangonena theka. Mpumulo wa sabata ungachepetsedwedi kufika maola 24, koma osati masabata awiri otsatizana. Pa masabata awiri alionse, umodzi uyenera kukhala wathunthu, wa maola 45. Komanso maola amene wadulawo ndi ngongole: uyenera kuwabweza onse pakamodzi, utawalumikiza ku mpumulo wina wosachepera maola 9, sabata yachitatu isanathe. Tsono onani masamu anga. Ntchito yanga yeniyeni inali Lolemba mpaka Lachisanu, kuyamba 5 koloko m'mawa. Ndikaweruka Lachisanu 6 koloko madzulo, pofika Lolemba ndinkakhala nditapuma maola 59, opanda vuto. Ndi ganyu ndinkaweruka Loweruka 4 koloko madzulo. Kuchokera pamenepo kufika Lolemba 5 koloko ndi maola 37. Kamodzi n'zololedwa. Kawiri motsatizana ndi mlandu. Kuti ndikwanitse 45 ndinayenera kukhala nditaweruka Loweruka 8 koloko m'mawa. Masamu amenewa akanandithera mphindi ziwiri pa kapepala, koma sindinawachite chifukwa sindinkafuna kudziwa yankho lake.

Ndinayamba pa 2 December. Ndinagwira Maloweruka anayi otsatizana, ndinapuma la pa 30 December, n'kugwiranso atatu mu January. Ndinkalowetsa khadi langa lomwelo, ndipo pamenepa pokha ndimathokoza Mulungu, chifukwa alipo amene amayendetsa osalowetsa khadi kapena kubwereka la mnzawo. Zimenezo si za chindapusa ayi. Ndi chinyengo chimene chingakutengere kundende mpaka zaka ziwiri, ndipo kwa ife okhala pa viza mukudziwa kumene nkhani yotere imathera.

Koma bodza langa linalipo. Lolemba lililonse ejensi yanga yeniyeni, imene inandipezera ntchito ya mkati mwa sabata, inkatumiza kafomu pafoni, ndipo funso limodzi linali loti kodi mwagwirako ntchito kwina masiku apitawa. Ndinkadina kuti ayi. Ndinkadziuza kuti Loweruka ndi langa, sakundidyetsa ndi iwo. Lamulo silitero. Limawerenga munthu, osati kampani. Ngakhale ganyuyo ikhale yonyamula makatoni, yosamalira okalamba kapena yoperekera zakudya pa galimoto yako, ndi ntchito, siingalembedwe ngati bedi, ndipo imadula mpumulo wako. Kupuma kwa m'malamulo awa ndi nthawi imene palibe bwana aliyense angakutume.

Thupi linayamba kundiuza zoona makina asananene. Ndinkadzuka 3:45, mdima wa January, galasi la galimoto litaundana. Masana khofi wachitatu sankagwiranso. Tsiku lina pa msewu waukulu wa A14, ndikuchokera kudoko la Felixstowe ndi kontena, ndinadzidzimuka ndi phokoso la mizere yokhakhala ya m'mphepete mwa msewu, drrrr pansi pa matayala akumanzere. Sindikudziwa kuti maso anatsekeka masekondi angati. Thiraki imeneyo ikadzaza imalemera matani 44, ndipo ndinali pa liwiro la mamailosi 56 pa ola, pamene makina amaitsekera. Ndinatsegula windo, mphepo yozizira n'kundimenya kumaso, manja akunjenjemera pa chiwongolero. Nditafika kunyumba sindinanene kanthu. Loweruka lotsatira ndinapitanso.

Mayi akunyumba ankaona. Iwo amagwira mashifiti a maola 12 ndipo kutopa amakudziwa pankhope ya munthu. Usiku wina ndikuwodzera pa mbale ya nsima anati, "Bambo, mapanga awiri avumbwitsa. Nyumbayo tikaimalize muli moyo." Ndinayankha mwaukali kuti malata sagulidwa ndi miyambi. Anangotola mbale.

Lachitatu lija ndinali nditangochoka pa depoti ina cha m'ma 10 koloko pamene galimoto ya DVSA, ya mabokosi achikasu ndi akuda, inandipitirira n'kukhala kutsogolo kwanga, chikwangwani chowala kumbuyo chikundiuza kuti ndiitsatire. DVSA ndi bungwe la boma loyendera magalimoto akuluakulu ndi madalaivala ake. Sindinaope kwenikweni. Matayala anali bwino, malamba omangika, kulemera kwa katundu kuli m'malire. Wina anayamba kuzungulira thiraki ndi tochi ndi kanyundo. Mnzake, bambo wachikulire wa magalasi, anandipempha makhadi onse atatu mwaulemu, n'kunditengera mu kaofesi kawo.

Analowetsa khadi langa mu kompyuta. Panatuluka mizere yamitundumitundu, tsiku lililonse mzere wake, kubwerera m'mbuyo masiku 28. Anakhala chete nthawi yaitali akutsitsa ndi chala. Kenako anatembenuzira kompyutayo kwa ine.

"Loweruka pa 6, pa 13 ndi pa 20 munayendetsa thiraki ina. Nambala yake ndi iyi. Ndi ya kampani yomweyi?"

Ndinati ayi.

"Akudziwa?"

Ndinati ayi. Pakamwa panali pouma ngati ndadya chinangwa chosaphika.

Sanakalipe. Anandionetsa chimodzichimodzi, ngati mphunzitsi. Mpumulo wa sabata wochepetsedwa katatu motsatizana, imeneyo milandu iwiri. Masabata awiri a pa 8 mpaka 21 January ndinayendetsa maola 97 m'malo mwa 90, chifukwa maola 42 ndi theka a mkati mwa sabata ndinkawaonjezera 6 a Loweruka. Wachinayi unandidabwitsa. Mphindi 45 zija umaloledwa kuzigawa pawiri, koma mwa dongosolo limodzi lokha: 15 poyamba, 30 pambuyo. Ine tsiku lina ndinayendetsa maola awiri, ndinapuma 30, ndinayendetsa maola awiri ndi mphindi 20, ndinapuma 15, n'kunyamuka ndikudziona wolungama chifukwa 30 ndi 15 ndi 45. Kwa makina, gawo lachiwiri likapanda kukwana 30 ndiye kuti sunapume. Mphindi 55 zimene ndinayenda kukafika ku depoti zinapangitsa kuti ndiyendetse maola 5 ndi mphindi 15 mosalekeza. Ndipo 44 si 45. Ukasuntha thiraki miniti imodzi isanakwane chifukwa wina akukuimbira hutala kuti umupatse malo, mpumulo wonse ungawonongeke.

Kuyambira March 2018, oyendera amaloledwa kulipiritsa pamsewu pomwepo milandu yofika isanu ya m'masiku 28 apitawo, uliwonse mpaka £300, kutanthauza £1,500 pa kuima kumodzi. Ine anandilembera itatu ya £300 ndi umodzi wa £100. £1,000. Poti ndili ndi adiresi ya kuno anandipatsa masiku 28 oti ndilipire. Dalaivala wopanda adiresi ya ku Britain amalipira pompo, apo ayi thiraki siichoka. Kenako anandipatsa pepala lina londiletsa kuyendetsa mpaka nditapuma maola 45 athunthu, nati nkhaniyi aitumiza kwa Traffic Commissioner, mkulu woyang'anira malaisensi a mathiraki.

Ndinaimbira ku ofesi ndili panja, mphepo ikuwomba. Anatumiza dalaivala wina pa kaveni kudzatenga thiraki, ine n'kubwerera pa kaveniko ngati katundu. Katundu weniweniyo anafika mochedwa maola anayi ndipo sitolo inamukana. Madzulo ake manijala wa zamtengatenga anandiitana. Anali atayala patebulo mafomu anga a Lolemba, onse olembedwa ayi, pambali pake makalata a zolakwa okhala ndi siginecha yanga. Anandiuza kuti nkhani yanga ikhudzanso laisensi ya kampani, chifukwa oyendera adzafuna kudziwa kuti bwanji sanaone msanga. Kunena zoona anayenera kuona, poti khadi ankalikopera. Nawo a ganyu aja analiyang'ana khadi langa tsiku loyamba lokha. Koma ndinalibe pakamwa ponenera zimenezo, mabodza anga ali patebulo. Ejensi inandiimbira m'mawa mwake kuti kampaniyo sikundifunanso, ndipo nawonso ayamba aima kaye.

Chovuta kuposa zonse chinali kuuza mayi akunyumba. Ndinadikira ana agone. Ndinayala mapepala anayi aja pa tebulo la kukhitchini, n'kunena zonse, ndi za pa A14 zomwe. Pa za ndalama sanayankhe. Pa za A14 anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mukanapha ana a eni ake, bambo." Analowa kuchipinda. Masiku awiri tinkangolankhulana za ana ndi za chakudya.

Ndinakhala masabata atatu opanda ntchito. Ejensi iliyonse yatsopano imayamba yakopera khadi, ndipo zonse zinkaoneka. Yachitatu inandilandira nditafotokoza ndekha asanafunse, koma inandipatsa ntchito zimene ena amazikana, zoyamba 2 koloko usiku. Kumeneko ndinaphunzira kuti pali malamulo enanso apadera a nthawi yogwira ntchito, a 2005, amene amayenda limodzi ndi a kuyendetsa. Ntchito yonse, kuyendetsa ndi nyundo pamodzi, isapitirire maola 60 pa sabata, ndipo pa avereji ikhale 48, kawirikawiri powerengera masabata 17. Usagwire maola opitirira 6 osapumako. Ukagwirako pakati pa 12 koloko usiku ndi 4 koloko m'mawa, malire ndi maola 10 pa maola 24, pokhapokha pakhale mgwirizano wolembedwa pakati pa kampani ndi antchito. M'masabata a ganyu aja 60 ndinkaipitirira osadziwa n'komwe kuti ilipo.

Kenako kudikira. February, March, April, kalata osabwera. Ndinayamba kuganiza kuti mwina aiwala. Inafika mu May, yondiitana ku Cambridge mu June kukaonekera pamaso pa Traffic Commissioner, amene ali ndi mphamvu yochenjeza, kuimitsa kapena kulanda laisensi ya thiraki. Si khoti, koma kwa dalaivala kusiyana kwake n'kochepa. Ndinapeza loya wodziwa za mathiraki, anandilipiritsa £600. Malangizo ake anali achidule: musakane chimene chili pakhadi, musaloze chala mnzanu amene anakunamizani, ndipo mupite ndi umboni woti mwasintha. Ndinalipira £60 kukachita tsiku limodzi la maphunziro a CPC la maola a dalaivala lokhalokha. Maphunziro amenewa aliyense amayenera kuchita maola 35 pa zaka 5 zilizonse, ndipo ambiri timangokagona m'kalasimo. Ulendo uno ndinakhala kutsogolo ndi kope.

M'kalasi imeneyo ndinamva zinthu ziwiri zimene ndikanakonda kuzidziwa kale. Choyamba, ngozi ikatseka msewu, monga zimachitikira pa misewu ikuluikulu ya M25 kapena M1, ndipo nthawi yako yatha uli pakati pa mzere, lamulo limakulola kupitirira mpaka pamalo oyamba abwino kuimapo. Koma ukangoima usindikize kapepala ka m'makina, konga lisiti ya m'sitolo, ulembe kumbuyo chifukwa chake, usaine. Ukadikira mawa, kapena ukapitirira malo oimapo n'cholinga chokafika ku depoti, chitetezo chimenecho palibe. Choncho mpukutu wa mapepala osindikizira ndi cholembera zisamasowe m'thiraki. Chachiwiri, khadi likatayika kapena kuwonongeka uyenera kupempha lina pasanathe masiku 7, ndipo ungayendetse popanda khadi masiku 15 okha, ukusindikiza kapepala poyamba ndi pomaliza ntchito tsiku lililonse, dzina ndi nambala ya laisensi zitalembedwa. Kuliiwala kunyumba sikutayika. Ukaliiwala, bwerera ukalitenge.

Ku Cambridge ndinavala suti ya ukwati wa mlamu wanga. Chipinda chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zonse zinatha mphindi zosakwana 40. Anali atawerenga kale chilichonse. Za maola sanachedwepo. Anakhazikika pa mafomu a Lolemba. Anandifunsa kuti podina ayi ndinkadziwa kuti ndikunama? Loya anali atandiuza kale yankho, koma kulitulutsa pakamwa pamaso pa anthu kunali kwina. Ndinati inde, ndinkadziwa. Anafunsa chifukwa chake, ndinafotokoza za nyumba ndi za bambo. Anamvetsera, nati zifukwa zotere amazimva kawirikawiri ndipo sizichepetsa kulemera kwa thiraki. Anaganizira kuti sindinabise khadi, ndinalipira chindapusa pa nthawi yake, ndinachita maphunziro, ndipo miyezi inayi ya ku ejensi yatsopano inali yoyera. Anandiimitsa masiku 14. Laisensi ya galimoto yaing'ono sanaikhudze.

Pobwerera m'sitima ndinachita masamu amene ndinawathawa mu December. Maloweruka 7, lililonse pafupifupi £160 msonkho utachotsedwa, anandipatsa £1,120. Chindapusa £1,000. Masabata atatu opanda ntchito, pa £650 sabata iliyonse, £1,950. Loya £600. Maphunziro £60. Masabata awiri oimitsidwa, £1,300. Zonse £4,910, osawerengera sitima ndi ntchito yabwino ya masana imene ndinataya. Malata amene ndinkathamangira sanagulidwe chaka chimenecho. Nyumba inavumbwa dzinja lonse, khoma limodzi la kuchipinda linachita kugwetsedwa n'kumangidwanso.

Mnzanga uja ndinamuuza zonse. Anati ndinangochita tsoka, iye wakhala akutero zaka ziwiri. Mwina n'zoona. Sindinakangane naye, ndinangomutumizira chithunzi cha mapepala anayi aja.

Masiku ano m'thumba la jekete yanga yowala mumakhala kakope kakang'ono. Ndikaweruka ndimalemba zinthu zitatu: nthawi yoyamba, nthawi yoweruka, maola oyendetsa. Pansi pa tsamba ndimaonkhetsa a sabata ino ndi a sabata yatha kuti ndione ngati 90 ili pafupi. Ndikachepetsa mpumulo wa usiku kufika 9 ndimajambula kamtanda, atatu akakwana ndimauza ofesi asanandikonzere ulendo wina. Makina ambiri atsopano amaonetsa nthawi yotsala, koma sadziwa za mawa, ndipo wokonza maulendo mu ofesi ali ndi mathiraki 30 m'mutu mwake. Akandiuza kuti ndikankhe pang'ono katundu afike, ndimamupempha kuti anditumizire zimenezo pa meseji. Sanatumizepo.

Ganyu ya Loweruka sindinaisiyiretu. Ndimagwira kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, ndipo ejensi zonse ziwiri zimadziwa. Sabata yatha anandiimbira Lachinayi madzulo kuti pali ulendo wa ku Felixstowe. Ndinatsegula kakope ndili pa foni. Loweruka lapitalo ndinali nditagwira, ndinapuma 37, ndipo maola 8 a ngongole ndinali ndisanabweze. Ndinawauza kuti andiyese sabata ya mawa. Loweruka limenelo ndinaperekeza mwana ku mpira, tinagula nsomba kumsika, ndipo masana ndinagona pa sofa mpaka mayi akunyumba anachita kundidzutsa kuti nsima yapsa.